Kachitsulo ka amayi ako

Mwana wanga,

Kalata iyi ndaiyamba katatu. Mapepala awiri oyambawo ndang'amba, chifukwa ndimapezeka ndikulemba ngati ndikupempha ntchito kwa bwana. Pafoni sindingathe, ukudziwa mmene timathera ine ndi iwe: iwe "ndamva bambo, ndamva," ine mawu n'kumakwera, kenako wina wadula. Pepala sungalidule. Ndiye khala pansi uwerenge mpaka kumapeto, osati modumphadumpha ngati mmene unkadumphira mizere yovuta papiyano poganiza kuti amayi ako ali panja sakumva. Ankamva. Ankangokuwa ali komweko, zovala zili m'manja, kuti "bwerera pamzere wachitatu!" ndipo iwe unkabwerera uku ukung'ung'udza.

Mlongo wako wandiuza kuti ntchito ya pasitima ija yatheka, ndipo unyamuka mwezi uno usanathe. Miyezi 8 panyanja, usiku uliwonse uli papiyano, kukacha muli padoko lina. Ndakondwa, usaganize kuti ayi. Nditamva ndinakaima pachithunzi cha malemu amayi ako chija n'kuwauza, ngati wozungulira mutu, kuti mwana wanu uja watengera phazi lanu. Akanakhalapo bwenzi atayala kale mapu awo pansi, atagwada, pensulo ili kukamwa, akulemba madoko onse n'kumakuuza tchalitchi choti ukalowe ndi msewu woti ukamvere oimba. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ankatero akamalongedza sutikesi, ine n'kumawayankha kuti ng'ona imeneyi ili ndi mwamuna wotsala padziwe.

Koma si zimene ndakulembera.

Tsiku lija ophunzira awo anasonkhana kudzawakumbukira ndi nyimbo, chaka chitatha chimwalirireni, unafika theka la ola litadutsa, malaya osasita, ukutafuna chingamu. Unandikumbatira, ndipo chingamucho chinalephera ntchito yomwe unachituma. Ndinangoti chete. Mumtima ndinati mwina n'chisoni, tsiku lake ndi lolemera kwa tonse. Kenako unakhala papiyano kuti uimbire kwaya, nyimbo yomwe unaidziwa uli ndi zaka 7, ndipo unathamanga. Ine si woimba, zaka 36 ndakhala m'nyumba ya piyano osadziwa kuti do ali pati, koma kuthamanga ndimakumva. Anthu onse aja anali kukutsatira wefuwefu ngati basi ikuwasiya. Mtsikana wotsogolera uja ankangokuyang'ana, dzanja lake likukupempha kuti dekha, iwe maso uli tsinzinu, ukumwetulira, ukudzimva kuti lero ndiye waimba kuposa masiku onse. Kumwetulira kumeneko n'kumene kwandisowetsa tulo. Ukanachita manyazi ndikanalimba mtima.

Ndiye mwezi wathawu ndamvanso kuti kuhotela kuja sunachoke mwa kufuna kwako monga unandiuzira. Usafunse wandiuza ndani, ndipo usakamukalipire mlongo wako, si iyeyo. Akuti kawiri sunafike n'komwe, kachitatu anakupeza uli mtulo m'galimoto alendo atakhala kale pamipando. Ngati ndi bodza bwera undiuze pamaso, ndidzakupepesa. Koma ndikulemba ngati n'zoona, chifukwa za tsiku lija palibe anandiuza, ndinamva ndi makutu angawa.

Pali nkhani yomwe unaimva theka. Ukudziwa kuti ndinkamwa n'kusiya. Sudziwa mmene zinakhalira, chifukwa amayi ako anandisungira ulemu mpaka kumanda.

Unali ndi zaka 4. Sindinali chidakwa chogona mungalande ayi, ndinali womwa mwaulemu, wa taye pakhosi, wofika kuntchito panthawi yake, wonena kuti ine mowa ndimaudziwa malire. Usiku wina ndinafika pakati pa usiku n'kuyamba kulimbikira kuti ndili bwinobwino. Amayi ako sanakalipe. Anapita papiyano, natenga metronome yathabwa ija, kachipangizo kogunda liwiro la nyimbo, yomwe unadzaithyola chivindikiro, naiika patebulo. Anasuntha kachitsulo kake mpaka pa 60, kugunda kumodzi pasekondi iliyonse, n'kunena kuti, "Apa ndiye pophweka penipeni, ndi wotchi chabe. Ombani m'manja limodzi nayo. Mukafika 30 osaphonya, za mowa sindidzazitchulanso m'nyumba muno." Ndinaseka. Ndinaomba. Kwa ine ndinali ndendende, moti ndinkaomba uku ndikuwayang'ana monyada. Iwo anangoti, "Chabwino, kagoneni." Sindinaone kuti anali atadina wailesi ya kaseti ija ankajambulira kwaya.

M'mawa, mutu ukuwawa ndi matsire, anandiikira kasetiyo. Mwana wanga, sindinamvepo chinthu chochititsa manyazi chotero. Metronome ikuti tiki, tiki, tiki, osasuntha. Manja anga pena ali patsogolo, pena pambuyo, pena akuomba kawiri malo amodzi, ngati nkhuku ikukupiza mapiko m'thumba. Ndipo pamwamba pa zonsezo mawu anga, okondwa, akuti "Mwaona? Mwaonatu?" Anazimitsa n'kundiuza kuti, "Anthu amati mowa umadya chiwindi. Chiwindi umadya pambuyo. Umayamba wadya khutu, kuti mwini wake asamve pamene ukudya zinazo." Sindikunamiza kuti ndinasiya tsiku lomwelo. Zinanditengera zaka zina ziwiri, ndikugwa ndikudzuka. Koma kuyambira pamenepo, ndikamadziuza kuti ndili bwinobwino, ndinkamva mawu aja akuti "mwaonatu?" ndipo ndinkadziwa kuti woyankhulayo si mboni yoikhulupirira.

Nkhope yomwe ndinaiona papiyano tsiku lija ndi yanga ya usiku umenewo. Unatengera zala za amayi ako, koma ichi watengera ine, ndipo ndikupepesa.

Khutu. Moyo wawo wonse unali pakhutu. Ukukumbuka mmene ankayambira ndi ana atsopano? Sabata yoyamba yonse palibe wokhudza piyano. Makolo ena ankadandaula kuti tikulipira kuti mwana aziimba, osati azikhala chete. Iwo ankawakhazika anawo pansi, mawindo otsegula, n'kumawafunsa kuti mukumva chiyani, tchulani zinthu zisanu. Kenako manja aja: chibakera ndi do, chikhatho chopendekera m'mwamba ndi re, chogona chafufumimba ndi mi, chala choloza kumwamba ndi ti. Kalasi yonse kuimba poyang'ana dzanja limodzi, popanda buku. Ndipo chaka chilichonse ankabwereza dandaulo lawo lija, loti njira ya sol-fa imeneyi anaiyamba ndi mayi, Sarah Glover wa ku Norwich, pophunzitsa ana kuimba, koma dzina lomwe linatchuka ndi la m'busa John Curwen amene anadzaikonza n'kuifalitsa. "Mwaona ana inu, mayi kulima, bambo kujambulitsa ndi zokolola." Ana ankaseka osadziwa chomwe akuseka.

Sankavomera kuti pali mwana wosatha kuimba. Ukumukumbuka mnyamata wamtali uja wa mawu ngati chitseko, amene aphunzitsi ena anamuuza kuti azingoyendetsa milomo pakwaya? Anamutenga miyezi 6, Lachitatu lililonse, osalandira kanthu, akungoimba naye mawu awiri okha, so ndi mi, so ndi mi, mpaka ine ndinkathawa m'nyumba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku la chikumbutso lija anali mzere wakumbuyo, ndevu zili mbuu, akuimba besi, misozi ikutsika. Anayenda usiku wonse kuti adzapezekepo. Iyeyo anafika panthawi yake.

Pepa. Ndinati sindikunyoza m'kalata muno, koma ndasiya momwemo, sindifufuta.

Kachitsulo kawo kotengera mawu kaja kali ndi ine. Ndinakapeza m'thumba la jekete yawo yobiriwira, pamodzi ndi pensulo yotafunidwa ndi tikiti yakale ya basi. Usiku wina ndimakamenya pabondo monga ankachitira, n'kukaika patebulo kuti kalire. Kugwedezeka ka 440 pasekondi, lero, mawa, kaya kukutentha kaya munthu wakwiya. Ankakonda kuuza ana kuti anakapanga koyamba mu 1711 ndi John Shore, woimba lipenga, ndipo chiyambire pamenepo palibe anakwanitsa kukanyengerera kuti kaname. Piyano ya makiyi 88 imatsika mawu nyengo ikasintha, munthu amatsika mawu akatopa, koma kachitsuloko ayi.

Ndi komweko anapita nako ku mathithi a Victoria, uli ndi zaka 9. Mwina zambiri unaiwala, koma ine ndikukuonabe, utanyowa thupi lonse ndi nthunzi ya madzi, mano akugundana, ukukuwa kuti sukumva chilichonse. Iwo anatulutsa kachitsuloko, nakamenya pabondo, nakaimika m'mwamba. Zii, phokoso la madzi lameza zonse. Kenako anakamenyanso n'kugunditsa tsinde lake pafupa la kuseri kwa khutu lako. Maso ako anangoti tong'o. Unakuwa kuti, "Amayi, kali m'mutu mwanga!" Anaseka mpaka anakhala pansi pamiyala yonyowa. Anthu ena odzaona malo ankatiyang'ana ngati banja la amisala, ndipo mwina sanalakwitse.

Ulendo wa pasitima ya pamtunda uja ndiye sungauiwale, kuchoka ku Kapiri Mposhi mpaka ku Dar es Salaam, makilomita 1,860, tikugona momwemo. Ine ndinkawerenga ndalama zotsala, iwe ndi mlongo wako munkalimbirana windo kuti muone akadyamsonga, amayi ako anali atasowa. Ndinakawapeza chipinda chachitatu kuchokera pathu, atagawa anthu osadziwana m'magulu atatu, ena olankhula Chiswahili, ena Chibemba, azungu awiri a zikwama zakumsana, onse akuimba nyimbo yolandizana poyang'ana dzanja lawo. Panalibe chinenero chimodzi chomwe onsewo ankamvana. Titafika anatikokeranso ku Zanzibar chifukwa choti ankafuna kumva nyimbo za taarab ndi makutu awo pamalo pake, osati pakaseti. Anakhala usiku wonse pafupi ndi nkhalamba yoimba qanun, choimbira cha zingwe zambiri, akuyang'anitsitsa zala zake, ife tikusinza pabenchi.

Ku Leipzig anapita okha, atasunga ndalama zaka 6 mu envulopu. Anabwerako ndi chimfine ndiponso nkhani imodzi yomwe anaibwereza mpaka tonse tinaiweza. Anati anakhala ola lathunthu m'tchalitchi cha Thomas, pafupi ndi manda a Bach, wopeka nyimbo wa ku Germany uja, ndipo chomwe chinawagwira mtima si kutchuka kwake ayi, koma kuti munthuyo anali mphunzitsi wa ana ngati iwowo, zaka 27, kuyambira 1723 mpaka imfa yake mu 1750. Ndipo mu 1730 analembera akuluakulu a mzindawo kudandaula za anyamata ake, kuti 17 ndi otha kuimba, 20 sanafikepo, 17 ndi osathandiza. Apa amayi ako ankamenya tebulo. "17 omalizawo akanandipatsa ine!" Bach yemwe ankamutsutsa.

Ukuona, amayi ako anayenda kuposa aliyense amene ndikumudziwa, ndi malipiro a uphunzitsi. Anagona m'masiteshoni, anasochera m'mizinda yomwe sankadziwa ngakhale moni wake, anakhala patebulo ndi oimba amitundumitundu, ndipo ambiri mwa iwo botolo linali pambali. Sanali munthu wodzipatula kapena woweruza anzake, tambula imodzi ya vinyo paphwando ankalandira. Koma ankati paulendo munthu uli ndi alonda awiri okha, maso ndi makutu, ndiye sungawaledzeretse alonda n'kumayembekeza kupeza katundu m'mawa. Ulendo uliwonse ankabwera tsiku lomwe ananena. Kamodzi kokha anabwera msanga, pamene unadwala chibayo uli ndi zaka 11. Anamva uthenga madzulo, nasiya msonkhano wa aphunzitsi a nyimbo womwe anaukonzekera chaka chathunthu, nayenda usiku ndi usana. Utatsegula maso anali pambali pa bedi, nsapato zapaulendo zikadali kuphazi. Unawafunsa kuti mwandibweretsera chiyani.

Envulopu yomaliza inalembedwa kuti Dakar. Ankafuna kukamva kora, zeze wa zingwe 21 uja, kwa eni ake, ndipo anali atapeza kale munthu woti akawaphunzitse milungu itatu. Chaka chimenecho n'chimene unalandira kalata ya kusukulu ya nyimbo. Iwe unkadziwa kuti ndalama ija ndinabwereka kuntchito. Sindinabwereke. Anatsegula envulopu ija patebulo, nawerenga, nandipatsa, n'kundilumbiritsa kuti ndisadzakuuze. Envulopu yopanda kanthuyo anaisungabe m'mpando wa piyano, akuti tidzayambiranso. Kenako kunabwera matenda aja.

Ndaphwanya lumbiro, ndipo akanandikalipira. Sindikunena izi kuti ndikusenzetse ngongole, iwo sankaiona ngati ngongole. Tsiku lomwe unaimba pamayeso ako omaliza anandinong'oneza kuti Dakar wanga ndi ameneyu. Ndikunena kuti udziwe mtengo wa zala zomwe ukuzinjenjemeretsazo. Inde, ndinaona. Pamene unkandithirira tiyi m'mawa uja unabwera kudzatenga mabuku, supuni inkalira pakapu.

M'mpando momwemo muli positikhadi ina yomwe mwina unaionapo uli mwana osaimvetsa: bambo wa tsitsi losapesa, mphuno yofiira, maso amadzimadzi, atavala mkanjo wa m'chipatala. Ndi Mussorgsky, wopeka nyimbo wa ku Russia. Ilya Repin anamujambula m'chipatala ku St Petersburg mu 1881, ndipo patangopita masiku ochepa anamwalira, ali ndi zaka 42, mowa utamumaliza. Amayi ako ankaionetsa kwa ophunzira aakulu okha, aja aluso kwambiri, aja ayamba kuitanidwa kukaimba usiku. Sankalalikira. Ankangoiika pamalo oikira manotsi n'kupitiriza phunziro, mwanayo aziimba akuyang'anizana ndi nkhope imeneyo. Wina akafunsa ankamuuzanso za Charlie Parker, woimba jazz wa ku America, amene anafa mu 1955 ali ndi zaka 34, thupi litaonongeka ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo moti dokotala womupima anayesa kuti ndi munthu wa zaka za pakati pa 50 ndi 60. Chomwe chinkawakwiyitsa kwambiri ndi bodza lija lomwe oimba amauzana, loti anthu amenewa ankaimba bwino chifukwa cha botolo. Ankati ayi, ankaimba bwino chifukwa anakhala maola osawerengeka akuphunzira, botolo linangobwera kudzakolola. Iwe sanakuonetse positikhadi imeneyi. Ankati mwana wanga waona kale bambo ake, n'zokwanira. Apa ndiye analakwitsa, chifukwa bambo akowo anawabisa bwino kwambiri.

Tsopano za sitimayo. Ndafunsafunsa kwa omwe anagwirako ntchito zotere. Akuti ogwira ntchito ali ndi bala yawoyawo kunsi, mowa wake wotchipa kuposa kumtunda, ndipo munthu ukamaliza kuimba pakati pa usiku, thupi likadali lotentha, kachipinda kako kopanda windo, kwina kopita kulibe. Akutinso alendo amakonda kugulira woimba piyano chakumwa, ndipo kukana kumaoneka ngati mwano. Ndiye tamvera. Usiku woyamba womwe, usanakhale papiyano, kauze wogulitsa zakumwa kuti aliyense akakugulira kanthu azikuthirira madzi a mandimu. Usiku woyamba, osati sabata yachiwiri, chifukwa mbiri ya munthu pamalo atsopano imamangidwa tsiku lofika. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Makampani ambiri a sitima amapima antchito mpweya mosawachenjeza, ndipo wopezeka atapyola malire amamutsitsa padoko lotsatira ndi sutikesi yake. Kuhotela unabwerera kunyumba ndi basi. Uko udzabwerera ndi chiyani?

Ndipo usadzinamize ndi khofi kapena kusamba madzi ozizira, zonsezo ndinaziyesa. Chiwindi chili ndi liwiro lake, kabotolo kamodzi kakang'ono kamatenga ola lathunthu kapena kupitirirapo kuti kathe m'thupi, ndipo palibe chochifulumizitsa. Ukamwa mpaka 4 koloko m'mawa, poyeserera nyimbo 10 koloko mowa ukadali m'magazi, ngakhale iwe ukudzimva kuti watha. Tulo ta mowa si tulo, umagona ngati mwala maola oyamba kenako n'kumadzidzimuka, kukacha uli wotopa kuposa dzulo, ndiye madzulo ufunanso kena kokudzutsa. Umo ndi mmene gudumu lake limazungulirira.

Ichi chokha undimvere ngakhale zina zonse uzitaye. Ngati wafika poti m'mawa manja sakhazikika mpaka utalawa, usasiye mwadzidzidzi uli wekha. Thupi lomwe lazolowera limatha kuukira, munthu n'kugwa ngati wakhunyu, kuona zinthu zomwe palibe, ena amafa nazo. Pita kwa dokotala usananyamuke, umuuze chilungamo, kuchuluka kwake kwenikweni osati theka monga timachitira tonse. Ndidzakuperekeza, ndidzakhala panja ngati sufuna ndilowe. Pasitima paja palinso dokotala, umudziwe sabata yoyamba. Ngati pakufunika kuti ulendowu uchedwe ndi mwezi umodzi kapena iwiri, uchedwe. Nyanja siuma.

Za mnzako woimba ng'oma uja, amene wakupezera ntchitoyi, sindinena zambiri. Ndimamukonda, ndi mwana waulemu, ananyamula nawo bokosi la amayi ako. Koma sindinakuonenipo awiri inu muli limodzi popanda chachitatu patebulo. Ngati mugona chipinda chimodzi pempha akusinthe. Ukhoza kumuuza kuti bambo anga ndi ovuta, ndilolera kukhala woipa.

Ndalama uzitumiza kwa mlongo wako mwezi uliwonse zikangolowa, azikusungira, utsale ndi zochepa. Si kuti ndikuzifuna ine. Gula envulopu, ulembepo dzina la mzinda. Ndipo padoko lililonse tsika, ngakhale utatopa bwanji. Amayi ako ankati amene wafika mumzinda n'kukhala m'bala sanafike, chifukwa mabala onse padziko ndi dziko limodzi. Kafunefune komwe anthu akuimba. Unditumizire positikhadi ngati mmene ankachitira iwo, ya pamanja, osati zithunzi za pafoni. Ndikufuna ndizioneko kalembedwe kako. Eya, wandigwira, ndikufuna ndizione ngati mizere ili yowongoka. Ndine bambo ako, ndilibe manyazi pa zimenezi.

Uzidya usanaimbe. Uzivala juzi pamwamba pa sitima usiku, chifuwa chako chija sichinakhalenso bwino chichokereni chibayo. Ndipo dzanja lamanzere, ankati nthawi zonse umalinyalanyaza.

Sabata yomaliza m'chipatala, pamene mawu anali atayamba kuwathawa, chala chawo chinkagundabe pabulangete. Iwe unali utatuluka kukaimba foni, kapena unati ukukaimba foni. Ndinawafunsa kuti mukuimba nyimbo yanji, anangomwetulira. Kenako anandikoka mkono n'kunena kuti, "Mtsikanayu adzadzisamala. Mnyamatayu mumusungire khutu." Ine ndinayesa akunena za luso lako, zoti usadzasiye kuimba, ndipo ndinawalonjeza mosavuta. Ndazindikira tsiku lija la chikumbutso, ndili pampando wakutsogolo, kuti anali atanunkhiza kale zomwe ine ndinkakana kununkhiza. Ankadziwa. Munthu amene ankamva mzere wodumphidwa ali panja pochapa akanalephera bwanji kumva mwana wake akulowa m'chipinda cha odwala mapazi akulemera?

Chaka chathunthu ndakhala chete poopa kuti ndikayankhula udzasiya kubwera. Nyumbayi yakula kwambiri chichokereni iwo, ndipo ndinasankha kukhala ndi mwana wonunkha chingamu kusiyana n'kukhala ndekha. Kumeneko kunali kudzikonda kwanga. Ukwiye, ndalola. Ukhoza kung'amba pepalali, koma waliwerenga kale.

Sindikukuletsa ulendo. Ndikanakhala woletsa maulendo sindikanakhala ndi amayi ako ngakhale chaka chimodzi. Ndikufuna upite, ukaone madoko onse aja omwe iwo anangowaloza ndi pensulo, ndipo ngati sitimayo idzaima ku Dakar utsike, ukafunefune woimba kora, ukhale pafupi naye uyang'ane zala zake. Koma upite ndi makutu ako onse awiri, mwana wanga. Mowa, mowa, mowa, ndabwereza mpaka ndadzitopetsa ndekha, ndipo ndidzabwerezanso ukabwera.

Bwera Lamlungu. Sutikesi yawo yabulauni ija ndaitsitsa, gudumu limodzi likulira koma ndalithira mafuta, ikadali yolimba kuposa zatsopanozi. Mapu ndakuikira m'thumba lam'kati. Kachitsulo kaja sindikaika mu envulopu ino monga ndinaganizira poyamba. Ndikufuna ndikupatse pamanja, ndipo ubwere m'mawa, 8 koloko, usanalawe chilichonse, ukamenye pabondo n'kukagwira m'mwamba ine ndikuona. Metronome ndaipukuta fumbi, ikuyendabe. Tidzaomba tonse awiri, mpaka 30.

Ndine,
bambo ako.

Ukamabwera utenge zida zako zochunira. Kiyi ina yakumanzere ikumakanirira pansi ukaidina, ndipo mdzukulu wa aneba athu wayamba kumabwera madzulo kudzagogoda piyanoyi. Sindidziwa choti ndimuphunzitse, ndimangomutsegulira mawindo n'kumufunsa kuti akumva chiyani.